Zimene ndinaona ku Shimla, mzinda wa atsamunda pamwamba pa phiri

Anzanga ophunzira akale, akonzi athu anandipempha kuti ndilembeko za ulendo wanga wa ku India, komwe ndinakachita maphunziro a miyezi itatu. Ndasankha kukamba za malo amodzi okha, Shimla, chifukwa ndiwo anandikumbutsa phunziro la mbiri yakale la mu Fomu 3 lija, lomwe ambirife tinkawodzera nalo masana.

Mzinda wa Shimla uli m'mapiri a Himalaya, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,200. Angerezi amene ankalamulira India ankazunzika ndi kutentha kwa kuchigwa, ndipo ambiri ankafa ndi malungo ndi kolera. Motero anayamba kuthawira kumapiri. Msilikali wina, Charles Kennedy, anamanga nyumba yolimba pamalopa mu 1822, ndipo anzake anatsatira. Mu 1864 bwanamkubwa John Lawrence anagamula kuti Shimla akhale likulu la boma m'nyengo yotentha. Tangoganizani! Chaka ndi chaka boma linkasamuka ku Calcutta, ulendo wa makilomita oposa 1,000, pamodzi ndi alembi, mabokosi a makalata ndi antchito a m'nyumba.

Ine ndinakwera sitima yaing'ono yochokera ku Kalka. Njanji yake inatsegulidwa mu 1903, ndi yotalika makilomita 96, ndipo imaboola phiri malo oposa 100. Sitimayo imayenda mwakachetechete ngati nkhalamba, maola pafupifupi asanu. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaika njanjiyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Nditatsika, mphepo inandilowa m'mafupa, ndipo ndinakumbukira m'mawa wa mwezi wa Juni tikuthamangira kukasamba madzi ozizira belu lisanalire.

Ndinaona tchalitchi cha Christ Church cha mu 1857, ndiponso nyumba ya masewero ya Gaiety ya mu 1887. Koma chachikulu ndi nyumba ya bwanamkubwa, Viceregal Lodge, yomwe inatha kumangidwa mu 1888 m'nthawi ya Lord Dufferin. M'nyumbamo ndimo Lord Wavell anasonkhanitsa atsogoleri a India mu 1945, kuphatikizapo Maulana Azad ndi Muhammad Ali Jinnah, kuti agwirizane za boma latsopano. Sanamvane, ndipo mu 1947 dzikolo linagawika pawiri, India ndi Pakistan. Lero nyumbayi ndi malo a kafukufuku wa maphunziro apamwamba.

Ndili chiimire kuyang'ana miyala yosemedwa bwino ija, funso linandibwerera: kodi njanji isanabwere, katundu yense uja anakwera bwanji phiri? Yankho lake ndi misana ya anthu. Kumapiriko kunali mchitidwe wotchedwa begar, wokakamiza anthu a m'midzi kusenza katundu wa akuluakulu a boma popanda malipiro oyenera. Mumsewu waukulu wa Mall, akuluakulu ochepa okha ndiwo ankaloledwa kuyenda pa ngolo ya akavalo. Ena onse ankakwera tingolo tokokedwa ndi kukankhidwa ndi anthu. Munthu wina wa ku America, Samuel Stokes, amene anakhazikika kumapiriko ndi kubzala mitengo ya maapozi, anathandizana ndi eni dziko kulimbana ndi begar cha m'ma 1920.

Apa ndipo mtima wanga unabwerera kwathu. Kodi begar si mbale wake wa thangata? Nanga tingolo tija tikusiyana pati ndi machila? Agogo anga aamuna ankatiuza kuti bambo awo anali wamtengatenga, ndipo mapewa awo anali ndi zipsera mpaka tsiku la imfa yawo. Nawonso mzinda wathu wa Zomba unakondedwa ndi Azungu chifukwa cha mphepo yabwino ndi madzi a m'phiri. Harry Johnston anaika boma lake kumeneko mu 1891, ndipo asilikali ake ena anali Asikh ochokera ku India komweko. Zomba anakhala likulu mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Pamwamba pa phiri timadziwa malo otchedwa Queen's View ndi Emperor's View. Nanga amene analambula msewu wokwera phirilo, ndani akudziwa dzina la mmodzi yekha?

Sindikunena kuti nyumba zakalezi zigwetsedwe ayi. Amwenye anazisunga ndi kuzipatsa ntchito yatsopano, ndipo alendo amadzaza Shimla chaka chonse. Chimene ndikudandaula n'chakuti mbiri timaikamba theka. Timaloweza dzina la wolamula, koma la wosenza mwala timalitaya.

Sukulu yathu nayonso ili chimodzimodzi. Maina a ahedi onse tikuwadziwa, koma amene anaumba njerwa za holo ija, amayi amene anatunga madzi, ndi ophika amene anatidyetsa nsima ya nyemba zaka zinayi, palibe pomwe analembedwa. Ena mwa ana awo akali moyo m'midzi yozungulira sukulu, koma akukalamba. Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wapachaka tisankhe anthu atatu oti akacheze nawo ndi kulemba zomwe akukumbukira. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi wa iwo, ndipo kope ndi cholembera ndagula kale.