Zokopa alendo ku Suwon

Suwon ndi mzinda wa ku South Korea womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa Seoul. Ndi likulu la chigawo cha Gyeonggi ndipo muli anthu pafupifupi 1.2 miliyoni. Anthu ambiri okhala kuno amadzuka m'mawa n'kukwera sitima kupita ku ntchito ku Seoul, pomwe ena amagwira ntchito ku kampani ya Samsung Electronics, yomwe likulu lake lili m'boma la Yeongtong mumzinda womwewu. Kwa alendo, Suwon imadziwika ndi zinthu zitatu: linga la Hwaseong, misika yakale ya pafupi ndi chipata cha Paldalmun, ndi nyama ya nthiti za ng'ombe yowotcha pamakala. Zinthu zitatuzi zili ndi chiyambi chimodzi, chomwe ndi ganizo la Mfumu Jeongjo lomanga mzinda watsopano kumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Mbiri ya mzinda

M'chaka cha 1762, Mfumu Yeongjo ya ufumu wa Joseon inalamula kuti mwana wake Sado atsekeredwe m'bokosi lamatabwa losungiramo mpunga. Sado anamwalira m'bokosimo patatha masiku 8. Mwana wa Sado, Jeongjo, analowa ufumu mu 1776, ndipo anafuna kubwezeretsa ulemu wa bambo ake. Mu 1789 anasamutsira manda awo kuphiri la Hwasan. Anthu omwe ankakhala pafupi ndi phirilo anawasamutsira m'munsi mwa phiri la Paldalsan, ndipo pamenepo ndi pomwe pali pakati pa Suwon lero.

Pofuna kuteteza mzinda watsopanowu, mfumuyo inamanga linga la Hwaseong kuyambira mu 1794 mpaka 1796. Mapulani ake anajambula ndi katswiri wamaphunziro Jeong Yak-yong, yemwe anapanganso chida chonyamulira miyala yolemera chotchedwa geojunggi. Ogwira ntchito ankalipidwa, chinthu chomwe sichinkachitika kawirikawiri pa ntchito za boma nthawi imeneyo. Mfumuyo inalimbikitsanso amalonda kuti akhazikike mumzindawu, chifukwa inkafuna kuti Suwon izidziimira payokha pa chuma.

Linga la Hwaseong

Khoma la lingali ndi lalitali makilomita 5.7 ndipo linamangidwa ndi miyala komanso njerwa. Lili ndi zipata zikuluzikulu zinayi: Janganmun kumpoto, Paldalmun kum'mwera, Changnyongmun kum'mawa ndi Hwaseomun kumadzulo. Mbali zina zinawonongeka pa nthawi ya ulamuliro wa Japan komanso pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. M'zaka za m'ma 1970 boma linakonzanso lingali potsatira buku lotchedwa Hwaseong Seongyeok Uigwe, lomwe linasindikizidwa mu 1801 ndipo muli zojambula ndi tsatanetsatane wa momwe ntchito yomanga inayendera. Bukuli linathandiza kuti bungwe la UNESCO liike lingali pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1997.

Munthu angathe kuyenda wapansi kuzungulira khoma lonse kwa maola awiri kapena atatu. Gawo lotopetsa ndi la kumadzulo, pokwera Paldalsan, koma pamwamba pake pali Seojangdae, pomwe mkulu wa asilikali ankaima n'kumaona mzinda wonse. Kumpoto kuli Hwahongmun, chipata chokhala ndi mipata 7 momwe mumadutsa madzi a mtsinje wa Suwoncheon. Chapamwamba pake pali kanyumba kokongola ka Banghwasuryujeong koyang'anizana ndi dziwe la Yongyeon, pomwe mabanja ndi achinyamata amakonda kuyala nsalu n'kudyera limodzi. Kum'mawa, pa bwalo la Yeonmudae, alendo amalipira ndalama pang'ono n'kuphunzira kuponya mivi ndi uta wa ku Korea. Usiku khomali amaliwalitsa ndi magetsi.

M'kati mwa linga muli Hwaseong Haenggung, nyumba yomwe mfumu inkafikira ikabwera kudzaona manda a bambo ake. Mu 1795 Jeongjo anachititsa phwando lalikulu m'nyumbayi polemekeza amayi ake, Hyegyeong, atakwanitsa zaka 60. Ulendo wa mfumu wa chaka chimenecho amauchitanso ngati sewero chaka ndi chaka pa chikondwerero cha chikhalidwe cha Hwaseong, chomwe chimachitika chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala.

Malo ena okaona

Kumpoto kwa mzindawu kuli Haewoojae, nyumba yomangidwa ngati chimbudzi chokhalira. Anaimanga mu 2007 ndi Sim Jae-duck, yemwe anali meya wa Suwon ndipo ankalimbikitsa ukhondo wa zimbudzi za anthu onse. Panopa ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale zofotokoza mbiri ya zimbudzi ndi ukhondo.

Kum'mawa kuli paki ya nyanja ya Gwanggyo, yomwe inapangidwa mozungulira madamu awiri akale ndipo ili ndi njira za oyenda pansi ndi za njinga. Okonda mpira amapita ku bwalo la Suwon World Cup Stadium, kwawo kwa timu ya Suwon Samsung Bluewings. Pa bwaloli ndi pomwe Senegal inalepherana ndi Uruguay 3-3 pa mpikisano wa World Cup wa 2002. Mumzinda woyandikana nawo wa Yongin muli Korean Folk Village, mudzi woonetsa nyumba ndi ntchito zamanja zakale, komanso malo a masewera a Everland.

Misika ndi mashopu

Misika yakale yamangirizana kum'mawa kwa Paldalmun, m'mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Suwoncheon, ndipo yonse pamodzi imatchedwa msika wa Nammun. Msika uliwonse uli ndi zake. Wa Yeongdong umadziwika ndi nsalu ndi zovala zachikhalidwe zotchedwa hanbok. Wa Motgol ndi wa ndiwo zophikaphika, nsomba zouma, makeke a mpunga ndi kimchi, yemwe ndi kabichi wosasitsidwa ndi mchere ndi tsabola. Wa Jidong uli ndi malo odyera ambiri pansi pa denga limodzi. Ogulitsa ambiri m'misikayi ndi achikulire, ndipo ngakhale makadi aku banki amalandiridwa pafupifupi paliponse, ogulitsa timagawo ting'onoting'ono amakonda ndalama zapamanja.

Misikayi ikupikisana ndi mashopu akuluakulu. Pa siteshoni ya Suwon pali AK Plaza ndi sitolo yaikulu ya Lotte. Ku Gwanggyo kuli Galleria, yomwe inatsegulidwa mu 2020. Mu Januwale 2024 Starfield Suwon inatsegulidwa pafupi ndi siteshoni ya Hwaseo, ndipo imakoka anthu ambiri chifukwa cha laibulale yake yokhala ndi mashelufu a mabuku ofika nsanjika zingapo. Mashopuwa ali ndi malo oimika magalimoto ndi makina oziziritsa mpweya, zomwe misika yakale imavutika kukhala nazo. Pachifukwachi ndalama za alendo obwera kudzaona linga ndi zofunika kwambiri kwa ogulitsa a ku Nammun.

Dera la Haenggung-dong, lomwe lili m'kati mwa khoma, lasintha mwanjira ina. Popeza malamulo oteteza linga salola nyumba zazitali pafupi ndi khoma, nyumba zakale zing'onozing'ono zinatsala, ndipo zambiri zasanduka malo omwera khofi ndi timashopu ta mphatso. Loweruka ndi Lamlungu tinjira take timadzaza ndi achinyamata ochokera ku Seoul.

Zakudya

Chakudya chotchuka kwambiri ndi galbi wa ku Suwon. Ndi nthiti za ng'ombe zodulidwa zikuluzikulu, zomwe amazikometsa makamaka ndi mchere, pomwe madera ena amagwiritsa ntchito msuzi wa soya. Amaziwotcha pamakala pa tebulo pomwepo, n'kuzidula ndi lumo la sizasi, kenako wakudya amakulunga kanyamako m'tsamba la letesi pamodzi ndi adyo. Mwambowu unakula chifukwa ku Suwon kunali umodzi mwa misika ikuluikulu ya ng'ombe m'dzikomo, ndipo malo oyamba kutchuka ndi galbi, otchedwa Hwachunok, anali mumsika wa Yeongdong. Nyamayi ndi yodula, makamaka ya ng'ombe za ku Korea zotchedwa hanwoo. Amene ndalama zamuchepera angathe kudya galbitang, msuzi wa nthiti wodyera mpunga, womwe malo ambiri amagulitsa masana pa mtengo wotsika.

Pakati pa Paldalmun ndi Haenggung pali msewu wa nkhuku, pomwe amakazinga nkhuku m'mapoto akuluakulu achitsulo. Msewuwu unatchuka kwambiri mu 2019 filimu ya Extreme Job itaonetsa nkhuku yokazinga yothira msuzi wa galbi. Ku msika wa Jidong chakudya chachikulu ndi sundae, matumbo a nkhumba oikamo magazi ndi tizingwe ta ufa, omwe amawakazinga ndi masamba ndi tsabola. Amene sadya nkhumba ayenera kufunsa asanaitanitse, chifukwa nyamayi imapezekanso mumsuzi wa zakudya zina.

M'malo odyera a ku Korea, timbale ta ndiwo zapambali totchedwa banchan timabwera popanda malipiro apadera ndipo munthu angapemphe kuti amuwonjezere. Kupereka ndalama yothokoza woperekera chakudya si mwambo wa kumeneko. Malo ambiri owotcha nyama amafuna kuti munthu aitanitse chakudya cha anthu osachepera awiri.

Kayendedwe ndi nyengo

Kuchokera ku Seoul, sitima ya Line 1 imatenga pafupifupi ola limodzi kukafika ku siteshoni ya Suwon, pomwe sitima zothamanga monga KTX ndi Mugunghwa zimatenga pafupifupi theka la ola. Njanji ya Suin-Bundang imadutsanso pa siteshoniyi, ndipo ya Shinbundang imalumikiza Gangnam ndi Gwanggyo. Kuchoka pa siteshoni, mabasi ambiri amapita ku Paldalmun. Khadi la T-money limagwira ntchito m'mabasi ndi m'sitima zam'mizinda.

Nthawi yabwino yoyendera khoma ndi Epulo ndi Meyi, komanso Seputembala ndi Okutobala. Mu Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndipo kumagwa mvula yambiri, pomwe kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa ndipo masitepe a pa Paldalsan amaterera ndi madzi oundana.