MAINA 1,276: ZIMENE MOTO WA KU PARADISE UNAPHUNZITSA ANTHU

Inu acinyamata nonse mumaudziwa moto wa m'thengo. Ukafika mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, udzu utauma, utsi umaoneka uku ndi uku, ndipo usiku mapiri amafiira ngati makala a pambaula. Kawirikawiri moto wotere umadya udzu ndi kukazima wokha pamsewu kapena pamtsinje. Koma lero tifuna kukusimbirani za moto umene sunaime pamsewu, umene unanyeketsa tauni yathunthu m'tsiku limodzi. Izi zinacitika ku California, m'dziko la America, m'caka ca 2018. Powerenga mbiri imeneyi musunge m'mutu ziwerengero ziwiri: 1,276 ndi 85. Coyamba ndi ca anthu amene analembedwa kuti asowa. Caciwiri ndi ca anthu amene anafa. Tifuna tione pamodzi cimene cinacititsa kuti ziwerengerozi zisiyane comweci, ndiponso kuti anthu 85 amenewo anali ayani.

Tauni ya pamsana wa citunda

Tauniyo dzina lake ndi Paradise. Ili kumpoto kwa California, m'boma la Butte, m'munsi mwa mapiri a Sierra Nevada. Inamangidwa pamsana wa citunda cacitali, pakati pa zigwa ziwiri zakuya, ndipo nyumba zake zambiri zinali za matabwa, zobisika m'kati mwa mitengo ya paini. Munali anthu pafupifupi 26,000. Mwa anthu anayi alionse, mmodzi anali wa zaka 65 kapena kuposapo, cifukwa okalamba ambiri opuma panchito ankakonda kukakhala kumeneko, kumene nyumba zinali zotsikirapo mtengo. Misewu yotsikira kucigwa inali yowerengeka. Waukulu mwa yonse ndi wochedwa Skyway, umene umapita ku mzinda wa Chico, ulendo wa makilomita ngati 20.

Musaganize kuti anthu a ku Paradise anali osadziwa za ngozi. M'caka ca 2008 moto wina unafika m'mphepete mwa tauni, anthu zikwizikwi nathawa nthawi imodzi, mamotoka nathinana pamsewu. Pambuyo pake akuluakulu anagawa tauniyo m'zigawo 14, kuti moto ukadzabweranso anthu adzacoke cigawo ndi cigawo. Anakonzanso njira yocenjezera anthu pafoni, koma munthu anayenera kulembetsa yekha nambala yake, ndipo ambiri sanalembetse. Makonzedwe onsewa anali abwino pa moto wobwera pang'onopang'ono kucokera mbali imodzi.

Lacinayi, pa 8 Novembala

Caka cimeneco mvula inacedwa. Panali patapita masiku oposa 200 popanda mvula yeniyeni, ndipo m'mawa wa tsikulo kunali mphepo yamphamvu ndi youma yocokera kumpoto cakum'mawa. Ca m'ma 6:15, pafupi ndi kamudzi ka Pulga, ngowe yacitsulo imene inagwira waya wa magetsi pa nsanja inaduka. Mzere wa magetsiwo unamangidwa m'caka ca 1921, ndipo ngoweyo inali itadyeka ndi ukalamba. Waya unakhudza nsanja, mbaliwali zinagwera pa udzu wouma, moto nuyamba. Anaupatsa dzina lakuti Camp Fire cifukwa ca msewu wapafupi wochedwa Camp Creek Road.

Kucoka ku Pulga kufika ku Paradise ndi makilomita ngati 11, ndipo pakati pali cigwa ndi mtsinje. Koma mphepo inanyamula makala oyaka niwaponya kutsogolo, kutali ndi malawi enieniwo. Paliponse pamene khala linagwa, kaya pa masamba ouma a padenga kaya pa mulu wa nkhuni, panabuka moto watsopano. Pofika 8 koloko moto unali utalowa kale m'tauni, m'malo ambiri nthawi imodzi. Za kucoka cigawo ndi cigawo zinathera pomwepo. Utsi unaphimba dzuwa, kunja nikuda bii ngati pakati pa usiku, anthu nayatsa nyali za mamotoka m'mawa.

Macenjezo a pafoni anafika kwa anthu ocepa. Magetsi anazima, ndipo nsanja 17 za mafoni zinaleka kugwira nchito tsiku loyambalo. Ambiri amene anapulumuka anadziwa za moto cifukwa mnansi anagogoda pacitseko, kapena mwana anaimba foni mawaya asanapse, kapena anangotuluka panja naona kumwamba. Pamsewu mamotoka anaima osasuntha, moto uli mbali zonse ziwiri. Ena anasiya mamotoka nathamanga wapansi. Ozimitsa moto ataona kuti motowo sungazimitsidwe, anasiya za nyumba nasonkhanitsa anthu mazanamazana m'mabwalo oimikamo mamotoka, mmene munalibe udzu kapena mitengo. Woyendetsa basi wina wa sukulu ya pulaimale ananyamula ana 22 pamodzi ndi aphunzitsi awiri. Utsi utadzaza m'basi, anavula malaya ake, nawang'amba tizidutswa, aphunzitsi nanyowetsa ndi madzi kuti ana apumiremo. Ulendo umene masiku onse sutenga ndi ola lomwe unawatengera maola ngati asanu, koma ana onse anafika amoyo.

Kukhala pafupi ndi moto

Tsopano taganizirani za anthu a ku Chico, amene moto sunadye nyumba zawo koma unali pakhomo pawo. Anthu oposa 50,000 anathawa m'dera lonselo, ndipo ambiri anathamangira kumeneko. Machalichi ndi mabwalo a zionetsero anasanduka malo ogona. Amene anasowa malo anamanga matenti pafupi ndi sitolo yaikulu ya Walmart, ndipo eni mzinda ankawabweretsera zakudya, zofunda ndi zovala. Mabanja ena analandira m'nyumba zawo anthu amene sanawaonepo ndi kale lonse. Cifukwa ca kuthinana, m'malo ena ogona munabuka matenda otsegula m'mimba ndi kusanza. Utsi unakhala masiku ambiri, nufika mpaka ku San Francisco, mtunda woposa makilomita 200, kumene masukulu anatsekedwa ndipo anthu ankayenda ataphimba mphuno ndi pakamwa.

Koma coposa utsi ndi kuzizira, cimene cinasautsa anthu cinali kusadziwa. Kodi amayi anatuluka? Kodi mnzanga wa m'kalasi ali kuti? Mabanja anali atabalalika, cifukwa moto unapeza atate ali kunchito, ana ali kusukulu, agogo ali okha kunyumba. Ambiri anathawa osatenga foni, ndipo manambala a abale awo anali m'foni momwemo, osati m'mutu. Pa zipupa za malo ogona anthu anamata mapepala olembedwa pamanja, okhala ndi dzina, cithunzi ndi nambala ya wofunafuna. Ena anafalitsa zithunzi pa Facebook, ena analembetsa ku Red Cross, ena ankangoyendayenda kucoka pa chalichi ici kupita pa ico, kufunsa aliyense.

Mndandanda wa osowa

Mkulu wa apolisi wa boma la Butte, a Kory Honea, anasonkhanitsa maina onse amene anthu anapereka pafoni ndi m'makalata. Tsiku ndi tsiku mndandanda unkakula, mpaka pa 17 Novembala unafika pa maina 1,276. Dziko lonse linagwidwa ndi mantha poganiza kuti onsewo anapsa. A Honea anafotokoza kuti mndandandawo unali wosapeta: maina ena analembedwa kawiri, ena analembedwa molakwika, ndipo ambiri anali a anthu amoyo amene sankadziwa n'komwe kuti wina akuwafuna. Ngakhale zinali conco, anasankha kuufalitsa poyera, kuti munthu akaona dzina lake aimbe foni ndi kunena kuti alipo.

Ndi mmene zinacitikiradi. Wina anapezeka ali kwa mlongo wake m'mzinda wina, wina akugona m'motoka, wina ali m'cipatala. Anthuwa anali atapulumuka, koma m'cipwirikiti cija sanaganize zodziwitsa aliyense, kapena anauza mbale mmodzi naiwala ena onse. Apolisi anapeza anthu oposa 3,000 ali amoyo mwa amene anafunsidwapo, ndipo pofika kumayambiriro kwa Disembala maina otsala anali osakwana 30. Dziwani kuti dzina lirilonse linafuna wapolisi woti aimbe mafoni ndi kufufuza, pa nthawi imene anchito mazanamazana, pamodzi ndi agalu onunkhiza ndi akatswiri a mafupa a pa yunivesite ya ku Chico, anali kusefa phulusa nyumba ndi nyumba. Munthu wamoyo amene anakhala cete anacedwetsa nchito yopeza amene anafadi, ndiponso anasiya abale ake akulira maliro a munthu wosafa.

Anthu 85

Mvula inagwa pa 21 Novembala, ndipo pa 25 Novembala moto unagonjetsedwa. Unali utatentha mahekitala pafupifupi 62,000 ndi kuwononga nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000. Palibe moto wina wa m'thengo umene unapha anthu ambiri cotere m'mbiri ya California. Matupi ena anapsa kotero kuti anadziwika pokhapokha abale atapereka malovu kuti ayezedwe DNA.

Maina a akufa atadziwika, cinaoneka cinthu comvetsa cisoni. Ambiri mwa iwo anali okalamba a zaka zoposa 65. Ena anafera m'mamotoka pothawa, koma oculuka anapezeka m'nyumba zawo kapena pabwalo penipeni. Ena anali olumala, ena odwala, ena analibe motoka, ena ankakhala okha. Moto unathamanga kwambiri, ndipo pali ana ndi anansi amene anayesetsa kubwerera kukatenga okalamba awo koma anapeza msewu watsekedwa ndi malawi. Conco sitingaloze cala munthu. Komabe mbiriyi ionetsa poyera kuti amene moto umayamba kutenga ndi uja amene sangathe kuthawa yekha, ndipo nthawi yomuthandiza ndi yaifupi kwambiri, moto usanafike.

M'mwezi wa Juni 2020 kampani ya magetsi ya Pacific Gas and Electric inavomera m'khoti mlandu wa imfa za anthu 84. Maina awo anawerengedwa limodzilimodzi, zithunzi zawo zikuonetsedwa, mkulu wa kampani navomera pa dzina lirilonse. Ndipo za mndandanda zija zinabwerezekanso kwina. M'mwezi wa Ogasiti 2023 moto unanyeketsa tauni ya Lahaina ku Hawaii, nupha anthu oposa 100. Kumenekonso akuluakulu anafalitsa maina 388 a osowa, ndipo posakhalitsa ambiri mwa iwo anapezeka ali amoyo.

Nanga inu?

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mbiri ya Paradise ikuwonjezerapo kuti kuzimirana kumayamba ndevu zisanagwire moto. Nyumba zathu si za matabwa a paini, koma madenga a udzu, nkhokwe ndi minda yosalambulidwa m'mbali zimapsa msanga comwecomweco mphepo ya Okutobala ikakhala kumbuyo kwa moto. Ndipo zimene tanenazi zigwiranso nchito pa madzi osefukira ndi ngozi ina iriyonse imene imabalalitsa anthu.

Conco m'gulu lanu la acinyamata khalani pansi mvula ikali kutali. Chulani maina a anthu a m'mudzi kapena m'komboni mwanu amene sangathe kuthamanga: agogo okhala okha, wosaona, wodwala wa pamphasa, mayi wa khanda. Aliyense wa iwo akhale ndi wacinyamata wodziwika amene adzayamba kupita kwa iye utsi ukaoneka. Mukanena kuti wina aliyense adzapita, sipadzapita munthu. Kunyumba panganani malo amodzi okakumana mukabalalika, malo oyera opanda udzu, monga bwalo la mpira kapena la sukulu. Lowezani pamtima manambala awiri kapena atatu a abale, mmodzi akhale wa kutali ndi kwanu, kuti onse azikafunsa kwa iye. Mukaona moto ukudza ndi mphepo, musadikire kuti wina akuuzeni, ndipo musabwerere kukatenga katundu.

Mukapulumuka, nchito yanu siinathe. Musanapume, tumizani mau kwa makolo, kwa amfumu kapena kwa mtsogoleri wa gulu lanu kuti muli moyo, muli pamalo akuti, ndipo muli ndi auje ndi auje. Mukamafunsa za mnzanu, perekani dzina lake lonse ndi kumene munamuona komaliza, ndipo akapezeka bwererani kwa onse amene munawafunsa kukawauza kuti wapezeka. Musafalitse mphekesera ya imfa ya munthu musanatsimikize.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi n'cifukwa ciani makonzedwe a zigawo 14 sanathandize pa tsiku la moto?
2. Kodi a Honea anacita bwino kufalitsa mndandanda umene unali ndi zolakwika? Fotokozani maganizo anu.
3. Kwanuko ndani amene sangathe kuthawa yekha, ndipo ndani wa inu amene adzapita kwa iye?