Mowa, Kamba ndi Maulendo a Mabanja m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ulendo wa banja wopita kutali unkakonzedwa kuyambira kale potsata nkhokwe ndi mbiya ya mowa, chifukwa panalibe mwambo waukulu umene ukadasonkhanitsa abale otalikirana popanda ufa wokwanira ndi chakumwa chofululidwa bwino. M'dzinja, pamene mitsinje monga Bua ndi Lingadzi inali itasefukira ndipo aliyense ali kalikiliki kumunda, anthu ankakhala pakhomo. Njira zinkatseguka akatha kukolola, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula yoyamba itayandikira, ndipo m'miyezi imeneyi ndi momwe ankaikamo chinamwali, kulonga ufumu, maukwati ndi mpalo, womwe ndi mwambo wa mowa ndi gule wokumbukira munthu amene adamwalira.

Tsiku lonyamuka silinkatchulidwa ndi apaulendo koma ndi amayi ofulula kumudzi komwe ankayembekezeredwa. Mowa wa masese umayamba ndi chimera, chomwe ndi chimanga, mawere kapena mapira oviikidwa m'madzi mpaka atamera, kenako kuyanikidwa ndi kusinjidwa, ndipo ntchito yokhayi imatha masiku angapo phala lisanaphikidwe n'komwe. Phala likatsiridwa chimera, lina limapatulidwa likadali lotsekemera kukhala thobwa wa ana ndi wa anthu osamwa, lotsalalo n'kuphikidwanso ndi kusiyidwa kuti lisase. Popeza mowa wotere sukhalitsa ukapsa, wamthenga ankatumidwa kukauza abale kuti chimera chaviikidwa, ndipo iwo ankawerengera okha tsiku loti afike, pakuti wofika msanga ankasanduka wotunga madzi ndi wotola nkhuni, pomwe wochedwa ankapeza mbiya zitavundikiridwa. Mwinimbumba, yemwe mwa Achewa amakhala malume woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndiye ankagamula za amene apite ndi amene atsale kusunga ziweto, koma nzeru yeniyeni ya ulendowo inali m'manja mwa amayi, ndipo mbiri yolembedwa siinawapatse ulemu wowayenera pa ntchito imeneyi.

Katundu wa paulendo anali wamitundu iwiri. Woyamba anali kamba, chakudya chodyera m'njira chimene sichivunda msanga, monga chimanga ndi mtedza wokazinga, mbatata yootcha ndi thobwa wa m'chipanda. Wachiwiri anali mphatso za eni mudzi: dengu la ufa, nkhuku, nyemba, ndi zikwatu za mfutso, womwe ndi masamba a nkhwani kapena a khobwe ofutsa ndi kuyanika, okulungidwa m'masamba a msuku kuti asungike chaka chonse. Mlendo wofika chimanjamanja ankachititsa manyazi mbumba yake yonse. Iwo otsikira kunyanja, cha ku Domira Bay kapena ku Nkhotakota, ankasenza nyemba, chimanga ndi fodya n'kubwerako ndi usipa ndi utaka wouma, ndiponso mpunga, umene udafala m'dera la Nkhotakota m'nthawi ya mafumu a Chiswahili otchedwa Jumbe. Motero mwana wa kumapiri ankadziwa dera lililonse ndi ndiwo zake asanadziwe dzina la mfumu yake.

Nkhondo za m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800 zidaduladula maulendowa. Angoni a Chiwere atakhazikika ku Dowa, Achewa ambiri adathawira m'malinga ndi m'mapiri, ndipo nkhalango ya phiri la Ntchisi imakumbukika ngati malo amene anthu ankabisalamo. Kusintha kwina kudadza mwakachetechete ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, pamene Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok adatsegula Mvera m'chaka cha 1889, ndipo Robert Blake adayambitsa Kongwe mu 1894. Mpingo wawo unali wa ku Cape, ndipo sukulu yake ya ubusa inali ku Stellenbosch, pakati pa minda ya mpesa imene yakhala ikupanga vinyo kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1600; komabe kuno vinyo adadziwika makamaka ngati chakumwa cha pa Mgonero wa Ambuye, ndipo malamulo a mpingo, amene Sinodi ya Nkhoma idawasunga, adaletsa Mkhristu kufulula ndi kumwa mowa. Lamuloli lidali ndi zifukwa zake, chifukwa ndewu za pamowa zinkapasula mabanja, koma lidagawanso abale pamwambo umodzi, ena kukhala kumbiya ya masese ndi ena kumbiya ya thobwa. Mabanja adapeza njira yawo yosungira ubale pofulula zonse ziwiri, ndipo thobwa adakwera ulemu mpaka kukhala chakumwa cha paukwati wa kutchalitchi.

M'chaka cha 1891 dziko la Malawi lidakhala pansi pa Britain, ndipo malire amene adalembedwa m'zaka zimenezo adagawa Achewa m'maiko atatu, kotero kuti kukaona abale kuseri kwa Mchinji kapena kumpoto kwa Tete kudayamba kuwerengedwa ngati kutuluka m'dziko. Msonkho wa nyumba udatulutsa amuna paokha kupita ku Halale ndi ku Joni, ulendo wopanda mkazi ndi mwana umene mlembi Samuel Nthara adaulongosola m'buku lake la Nthondo la mu 1933. Obwerako ankadza ndi tiyi, shuga, buledi ndi chizolowezi cha mowa wogula, ndipo pofika 1968, pamene Carlsberg idatsegula fakitale yake ku Blantyre, botolo lidayamba kupikisana ndi chipanda pamwambo wa kumudzi.

Ulendo wa kunja umene mabanja ambiri a m'mapiriwa amaudziwa lero ndi wa ku Kulamba, mwambo umene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu, mphatso ndi malipoti a madera awo kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete. Boma la atsamunda lidauletsa mu 1934, udayambiranso mu 1984, ndipo umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mu 2007 kudafika atsogoleri a maiko onse atatu, Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza. Nthawi yake imagwirizana bwino ndi moyo wa mlimi wa ku Dowa ndi Ntchisi, chifukwa pofika Ogasiti nkhokwe zimakhala zodzaza, ndipo fodya amakhala atagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, mtedza ndi soya nazonso zitalowa pamsika. Njira yake ndi ya kudzera pa Mponela kapena pa boma la Dowa kukafika ku Lilongwe, kukhotera ku Mchinji, kuwoloka pa Mwami, kenako Chipata ndi Katete. Ambiri amayenda m'magulu a mafumu awo ndi a bungwe la Chewa Heritage Foundation, atasonkherana ndalama ya lole kapena basi, ndipo ku mafunso akale a kamba ndi mphatso kwawonjezeka ena atsopano, a pasipoti kapena chiphaso chodutsira pamalire ndi a kusintha kwacha ya kuno ndi ya ku Zambia.

Kumaiko a vinyo, ulendo wotsata chakudya ndi chakumwa cha dera udasanduka malonda. Ku Stellenbosch komweko alimi a mpesa adatsegula mu 1971 njira ya alendo yoyendera minda yawo, momwe mlendo amalipira kuti alawe. Wopita ku Mkaika amanyamula ufa, ndiwo ndi miphika yake, amaphika pamsasa pamodzi ndi anthu a kwawo, ndipo zimene amalawa kwa ena, kaya ndi mbewa za ku Katete, chikanda cha m'misika ya ku Zambia, kapena masese a wofulula wina, amazilawa poziyerekeza ndi za kwawo, kuti uyu adachulutsa mawere, uyo adafulumira kutsira chimera. Chodetsa nkhawa n'chakuti mawere, amene ankapatsa mowa ndi thobwa fungo lake, akulimidwa pang'ono m'minda imene fodya, soya ndi chimanga cha haibulidi zidalanda malo, ndipo atsikana ambiri akukula akugula chimera chogaya kale pamsika wa Mponela kapena wa Ntchisi osaonako momwe chimaviikidwira.