Gombe la Chembe ndi Alendo Ake

Kum'mwera kwa Nyanja ya Malaŵi, m'boma la Mangochi, kuli mtunda wolowa m'madzi wotchedwa Nankumba. Kunsonga kwa mtundawo kuli mudzi wa Chembe, umene alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Munthu woima pamchenga wa pamenepo m'mamawa amaona asodzi akukocheza mabwato awo ndi usipa umene agwira usiku, ndi amayi akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi. Chapafupi pomwepo amaonanso alendo ochokera kutali atavala mandala osambirira, akudikira boti loti liwatengere ku chilumba cha Thumbi. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene zidakhalira kuti madzi amodzi omwewo asanduke munda wa ena ndiponso bwalo la masewero la ena.

Alendo asanabwere, anthu a m'mbali mwa nyanja adaidziwa kale bwino lomwe. Iwo ankasema mabwato a mtengo umodzi, ankaluka maukonde, ndipo ankadziwa kuti mphepo ya mwera ikayamba kukuntha m'miyezi yozizira, munthu wanzeru amakokera bwato lake kumtunda. Kupalasa ndi kumira pansi pa madzi inali ntchito yopezera ndiwo. Ana okha ndiwo ankasambira pongofuna kusangalala.

David Livingstone adaiona nyanjayi m'chaka cha 1859. Mu 1861 adabweranso ndi boti laling'ono, ndipo pozungulira nsonga ya Nankumba adaitcha Cape Maclear pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young ndipo pamodzi ndi Dr Robert Laws, adafika pa gombeli ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Sitimayo adaiphwasula pa mathithi a mtsinje wa Shire, anthu mazanamazana nkusenza zitsulo zake pamutu kufikira pamene madzi adali oyendeka. Amishoniwo adakonda malowa chifukwa zilumba zimatchinga mafunde, kotero kuti sitima inkaima mosavuta. Koma malungo adawasautsa kwambiri. Dr William Black adamwalira mu 1877, enanso adamutsatira, ndipo mu 1881 mishoni ya Livingstonia idasamukira ku Bandawe. Manda awo akadalipo m'munsi mwa phiri. Alendo oyambawa adaphunzira mowawa kuti malo okongola m'maso angathe kubisa matenda.

Padapita zaka pafupifupi 70 kuti gombeli limvekenso kunja. Chakumapeto kwa 1949 kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC idayamba kutereza ndege zake zotera pamadzi ku Cape Maclear, pa ulendo wochokera ku Southampton kunka ku Vaal Dam, kufupi ndi Johannesburg. Madzi odekha amene adakopa amishoni ndiwo adakopanso oyendetsa ndege. Apaulendo ankatsika m'ndege nkukwera boti kupita ku hotela imene idamangidwa pagombe, kumene ankasambira ndi kupumula. Anthu a ku Chembe, amene ambiri mwa iwo anali asanakwerepo galimoto, ankaona chindege chachikulu chikutera pamalo pamene iwo ankaponya maukonde. Koma izi zidatha msanga. Mu 1950 kampaniyo idaleka kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi chifukwa zotera pamtunda zidali zachangu, ndipo hotela ija idasowa alendo nkutsekedwa.

Ngakhale zidatero, mbiri ya nyanja inali itafala. Mu 1951 sitima yatsopano, yotchedwanso Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, idayamba kuyenda kuchokera kum'mwera mpaka kumpoto kwa nyanja. Pamwamba pake pankakhala alendo ofuna kuona Likoma ndi Nkhata Bay, pansi pake anthu a malonda ndi matumba awo a chimanga ndi nsomba zouma. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, misewu idakonzedwa, ndipo mahotela adachuluka m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Senga Bay m'boma la Salima. Anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe adayamba kupitako pa masiku opuma, ndipo ena ankachokera ku Rhodesia ndi ku South Africa. Pamenepo padaoneka masewero achilendo: maboti a injini okoka munthu woimirira pa timatabwa, maboti a matanga, ndi kuwedza ndi mbedza kongofuna kusangalala. Mu 1984 udayamba mpikisano wa maboti a matanga wochokera cha ku Mangochi kulowera kumpoto, wotenga masiku angapo. Okonza mpikisanowo adasankha mwezi wa Julayi, nthawi ya mwera, chifukwa mphepo imene msodzi amaiopa ndiyo imene munthu wa matanga amaifuna.

Komabe chimene chidapatsa Cape Maclear dzina lokhalitsa ndi tinsomba tating'ono totchedwa mbuna. Dzinali ndi la Chitonga. Tinsombati timakhala m'miyala, timadya ndere, ndipo tili ndi maonekedwe owala, tina tobiriwira ngati thambo, tina tachikasu, tina tamizeremizere. Nsomba yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakula. Asodzi sankazilabadira kwenikweni pakuti ndi zazing'ono ndipo miyala imang'amba ukonde. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa ku Britain, Geoffrey Fryer, adazifufuza ku Nkhata Bay, ndipo anzake omutsatira adapeza kuti Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndiponso kuti yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mitundu ina imakhala pa chilumba chimodzi chokha. Mbiriyi idakopa alendo a mtundu watsopano, ofuna kuona zimene zili pansi pa madzi. Ena ankayandama pamwamba ndi mandala ndi kampope kopumira, ena ankamira atabereka mabotolo a mpweya.

Pofuna kuteteza chuma chimenechi, boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Lamulo lidaletsa kusodza m'madzi a pafupi ndi zilumba ndi magombe a pakiyo, mamita 100 kuchokera kumtunda. Midzi monga Chembe ndi Msaka idatsala pamalo pake, itazunguliridwa ndi paki. Kwa anthu a m'midziyo lamuloli lidali lolemera, pakuti malo amene makolo awo ankasodzako ndi mapiri amene ankatolako nkhuni zidakhala m'manja mwa alonda. Koma ntchito zatsopano zidabadwanso. Anyamata adayamba kutengera alendo ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Otter Point, kuwaphikira kampango pamiyala, ndi kuitana nkhwazi ndi likhweru kuti idzawakhe nsomba yoiponyera pamadzi. Ena adaphunzira kumira ndi mabotolo nkukhala aphunzitsi a alendo. Amisiri osema ziboliboli, ophika ndi ochapa adapezanso poyambira.

Tsono m'zaka za m'ma 1980 padayamba kuoneka vuto limene lidakhudza onse. Likodzo, matenda amene tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi, lidayamba kufala pa gombe la Chembe, pamene kale anthu ankati madzi a pamchenga woyera alibe vuto, koma a m'mabango okha. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito m'bungwe la Peace Corps adadwala kwambiri atasambira ku Cape Maclear, ndipo nkhani yawo idalembedwa m'mabuku a zaumoyo a kwawo. Alendo adayamba kuchenjezana. Koma ovutika koposa anali ana a m'mudzimo, amene amasamba ndi kusewera m'madziwo tsiku ndi tsiku. Akatswiri ofufuza, mmodzi mwa iwo Jay Stauffer, adaona kuti nsomba zodya nkhono zidali zitachepa kufupi ndi gombe chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo pamene nsombazo zidachepa, nkhono zidachuluka. Mankhwala a praziquantel amachiza likodzo, ndipo amaperekedwa m'sukulu ndi m'zipatala, koma mwana wochira amabwereranso m'madzi omwewo.

Mbiri ya gombeli ikusonyeza kuti alendo amabwera ndi kupita. Amishoni adakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndege za BOAC chaka chimodzi chokha. Anthu a ku Chembe ndiwo adatsala nthawi zonse, ndipo iwo ndi amene amasenza zotsatira zake madzi akaipa. Msodzi afuna nsomba kuti adyetse banja lake, mlendo afuna nsomba kuti azione, mwana wa sukulu afuna nsomba zodya nkhono kuti asakodze magazi. Chifukwa chake kusamala maukonde, kumanga zimbudzi kutali ndi madzi ndi kulemekeza malire a paki ndi ntchito yopindulira mudzi poyamba, alendo pambuyo pake.