Ulendo wa ku Joni: Mbiri ya Wenela

Munthu wochokera ku Mbayani akamatsikira m'tauni ya Blantyre amadutsa pafupi ndi malo okwerera mabasi otchedwa Wenela. Ambiri amatchula dzinali tsiku ndi tsiku osadziwa gwero lake. Wenela ndi katchulidwe ka anthu akuda ka zilembo za WNLA, bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene eni migodi ya golide a ku South Africa adalikhazikitsa kuti liziwapezera antchito m'mayiko oyandikana nawo. Kwa zaka zambiri dzinali linkatanthauza khomo lolowera ku Joni, ndiko kuti ku Johannesburg.

Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886. Migodi itachuluka, anthu a m'dzikomo adachepa, motero eni ake adaponya maso kumpoto. Kuno ku Nyasaland boma la atsamunda lidali litakhazikitsa msonkho wa nyumba, pamene malipiro a m'minda ya azungu adali ochepetsetsa. Kamba ka ichi amuna ambiri adaona kuti kunali bwino kukasaka ndalama kwa eni. Koma oyamba kupitako adakumana ndi tsoka. Chifukwa chosazolowera chisanu cha kumeneko, ambiri adafa ndi chibayo, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba antchito ochokera m'mayiko otentha a kumpoto. Chiletsochi chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Wenela idabweranso ndi mphamvu.

Mnyamata wofuna ntchito ankayamba wapimidwa ndi dotolo. Ankamuyeza pa sikelo ndi kumumvetsera m'chifuwa, ndipo wopezeka wofooka ankabwezedwa kwawo ali wamanyazi. Wopambana ankadinda chala pa pepala la pangano la ntchito. Poyamba ulendo unkakhala wa pa lole ndi pa sitima, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela idayamba kunyamula anthu pa ndege zake. Amuna amene adali asadakwerepo ngakhale basi ankapezeka ali m'mlengalenga, kuchokera pa bwalo la Chileka mpaka ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene lero ndi Botswana. Kuchokera kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda yopita ku Johannesburg.

Zoyamba kuona pofika zinkamuthetsa mawu mlendo. Chapatali ankaona milu ya mchenga wachikasu yotalika ngati mapiri, ndipo ankauzidwa kuti mapiriwo adaunjika ndi anthu ndi dothi lochokera pansi pa nthaka. Nyumba zosanja, magetsi ndi unyinji wa magalimoto zidali zodabwitsa, koma mpata woziyang'anitsitsa padalibe. Alendowo ankawalowetsa mu mpanda wa Wenela, kuwavula zovala, kuwapimanso ndi kuwagawa m'migodi yosiyanasiyana, ena ku Carletonville, ena ku Klerksdorp, enanso ku Welkom. Abale amene adanyamukira limodzi kumudzi ankatha kulekanira pomwepo. Wofika m'miyezi ya Juni ndi Julayi ankalandiridwa ndi chisanu cholasa mpaka m'mafupa.

Malo ogona adali komboni ya amuna okhaokha, momwe anthu ambiri ankagona m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikizana, ena a konkire. Akazi ndi ana sankaloledwa. Anthu ankaikidwa m'zipinda molingana ndi mitundu yawo, ndipo apa Mmalawi ankakumana koyamba ndi Asutu, Ashangani ndi Axhosa. Pofuna kuti onsewa azimvana ndi akapitawo, watsopano aliyense ankaphunzitsidwa Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi chimene mawu ake ambiri adachokera ku Chizulu. M'zaka za pambuyo pake ankalowetsedwanso m'chipinda chotentha kwambiri, momwe ankakwera ndi kutsika pa chitsa kwa maola angapo kuti thupi lizolowere kutentha kwa pansi.

Tsiku losaiwalika lidali lotsikira mu mgodi koyamba. Atavala chisoti cholimba chokhala ndi nyali, munthu ankapanikizana ndi anzake m'chikepe chimene chinkatsika mwaliwiro mu mdima, m'migodi ina kupitirira makilomita awiri. Pansipo padali kutentha, fumbi ndi phokoso la makina oboolera miyala. Apa ndi pamene mwambi woti walira mvula walira matope unkamveka bwino.

Komabe phindu lidalipo. Gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu akalandirire kuno kumudzi, ndipo boma nalo linkapezerapo ndalama zakunja. Obwerera ankafika ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi makina osokera, ndipo ena ankamanga nyumba za malata kapena kutsegula magolosale. Ena sadabwererenso, natchedwa matchona, akazi awo nalera ana okha.

Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Koma pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula obwerera kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 adafa. Dr. H. Kamuzu Banda adaimitsa ntchito yolemba anthu, ndipo zikwi za amuna zidabwerera kwawo. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu ankalitchula kuti Theba, koma olembedwa adali ochepa. Idatheratu mu 1988 chifukwa cha kusamvana pa nkhani yoyeza antchito kachirombo ka HIV.

Mabala a ulendowu sadapole msanga. Ambiri adabwerera ndi chifuwa chachikulu ndiponso matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano woti makampani a golide apereke chipukutamisozi kwa odwala matendawa, koma apa n'kuti ambiri atatsikira kale kulichete. Mabasi a pa Wenela amanyamula anthu amene sadaonepo mgodi, koma dzinalo likusungabe mbiri ya agogo awo amene adakhetsa thukuta pansi pa nthaka ya eni.