Ola Limene Wodwala Wagona

Muwodi kuno ku England ndimalemba ola limene wodwala wagonekedwa. Kale, abale anga, ola lotere linali ndi ntchito ina.

Mu 1651 Nicholas Culpeper, sing'anga wazitsamba wa ku Spitalfields mu London, anatulutsa buku lofotokoza njira yotchedwa decumbiture. Ankajambula malo a nyenyezi pa ola limene matenda agoneka munthu, kenaka n'kumatsatira mwezi. Ukayenda madigiri 90 kuchoka pomwe unali, cha pa tsiku la 7, ankati tsiku loopsa lafika: wodwala atsitsimuka kapena atisiya.

Ine ndimadalira thermometer, osati mwezi. Komabe njirayi inkaphunzitsa sing'anga kuwerenga masiku ndi kubwerera kukamuona wodwala. Mwezi tinausiya, koma kubwererako n'kumene kumapulumutsa anthu mpaka lero.