Dzenje la Poizoni la ku Warren County

M'lipoti la chaka chino taikamo mbiri ya anthu a ku Warren County, m'chigawo cha North Carolina ku Amereka, pakuti iri ndi phunziro kwa ife.

M'chaka cha 1978 anthu ena adathira usiku mafuta a poizoni otchedwa PCB m'mphepete mwa misewu, mtunda woposa mailosi 200. Boma la chigawocho lidatsimikiza zokumba dothi loipitsidwalo ndi kukalikwirira pa mudzi wa Afton ku Warren County, dera limene anthu ake ambiri adali akuda ndi osauka. Eni dera adakana pa msonkhano, poopa kuti zitsime zao zidzaonongeka popeza madzi a pansi adali pafupi. Koma mau ao sadamveke, pakuti akulu a Boma adali atasankha kale malowo.

Mu September 1982, magalimoto a dothilo atayamba kufika, amuna, akazi ndi ana adagona pamsewu kuti awatsekereze. M'masabata 6 apolisi adamanga anthu oposa 500, ndipo dzenje lidadzazidwa ndithu. Komatu mlandu suola. M'chaka cha 1987 mpingo wa United Church of Christ udasindikiza lipoti loonetsa kuti zinyalala zoopsa zimatayidwa kawirikawiri kumene kukhala anthu osakhala Azungu, ndipo mu 2003 Boma lidatsiriza kuchotsa poizoni m'dzenjemo.

Tsono ife, tikamva kuti Khonsolo ifuna malo otayako zinyalala, titumize nthumwi zathu msanga, kuti eni mudzi afunsidwe malo asanasankhidwe.